Keke pamchenga wa ku Senga Bay, mtima uli ku Zanzibar

Loweruka la kumapeto kwa mwezi, malipiro atangolowa, msewu wa M14 umadzuka m'mamawa. Galimoto zimapatuka pa Kanengo n'kuyamba kutsetsereka kulowera kotulukira dzuwa: pa Chezi pomwe amayi amayala tomato ndi zipatso m'mbali mwa msewu, mapiri okhotakhota a ku Mvera, kenako chigwa cha Salima chomwe chimakulonjera ndi mpweya wotentha wolowera pazenera. Kuchokera ku Lilongwe kukafika pa Kamuzu Road ndi makilomita pafupifupi 100, ndipo kuchoka apo kukaponda mchenga wa ku Senga Bay ndi ena ngati 20. M'galimoto zambiri mwa izi mumakhala munthu mmodzi amene wakhala mosamala kuposa anzake, katoni ili pamiyendo. Mukatonimo muli keke, ndipo nkhawa yake ndi yoti ifike kunyanja isanasungunuke.

Mwambo umenewu wokondwerera tsiku lobadwa ndi wa dzulodzuloli. Agogo athu ambiri sankadziwa tsiku lomwe anabadwa. Ukawafunsa ankakuuza kuti pa njala ya 1949 n'kuti atayamba kale kutunga madzi, kapena kuti Kamuzu pobwera mu 1958 anali ndi mwana woyamba kumsana. Kwa zaka zambiri tsiku lobadwa lomwe dziko linkalidziwa linali limodzi lokha, la 14 Meyi, pomwe mbumba inkavinira Ngwazi. Kalembera wa ziphaso za unzika wa mu 2017 ndi amene anachititsa kuti aliyense akhale ndi tsiku, mwezi ndi chaka pakhadi lake, ndipo okalamba ena anachita kuthandizidwa kuwerengera zaka zawo pamzere pomwepo. Zidzukulu zawo lero sizingaiwale. Facebook imazikumbutsa kusanache, gulu la WhatsApp la kuntchito limatumiza mauthenga, ndipo pofika masana wina amakhala atafunsa kale: "Ndiye tikadyera kuti?"

Alipo akuluakulu omwe amati zonsezi n'kuwononga ndalama. Ine sindigwirizana nawo. M'dziko muno nthawi zambiri timakumana pamaliro, timasonkherana pamaliro, ndipo zabwino za munthu timazinena iye atagona m'bokosi. Ngati mwamuna waganiza zotenga mkazi wake kukamudyetsa chambo m'mphepete mwa nyanja akadali moyo, kapena mkazi wasunga kangachepe m'banki m'khonde kuti bambo a ana ake akapumeko tsiku limodzi, palibe choipa pamenepo. Chomwe chimandidetsa nkhawa ndi china: maulendowa timawakonza mobisirana, ndipo ndalama zake sitizikambirana.

Senga Bay ndi malo akale a chisangalalo. Hotela yomwe lero ikutchedwa Sunbird Livingstonia Beach inayamba m'zaka za m'ma 1930 ndipo kale inkadziwika kuti Grand Beach. M'masiku a atsamunda Mmalawi ankalowamo ngati wophika, wochapa kapena wosesa pamchenga. Lero ukafika Loweruka masana pamatebulo amenewo, pa Sunbird Waterfront yomwe inatsegulidwa mu 2021, pa Blue Waters, pa Sigelege, pa Kambiri ndi malo ena oyandikana nawo, chinenero chomwe chimamveka kwambiri ndi Chichewa. Mliri wa Covid-19 utatseka mabwalo a ndege mu 2020, eni malo ogona anazindikira kuti mlendo wodalirika ndi wa ku Area 25 ndi wa ku Kawale, amene amabwera pa Sienta kapena pa minibasi. Zoimbaimba nazo zinathandiza kuzoloweretsa achinyamata njira ya kunyanja: chikondwerero cha Sand Music Festival chomwe anayambitsa malemu Lucius Banda chachitikira ku Senga Bay kangapo, ndipo Lake of Stars inachitikira ku Salima komweko mu 2018. Mnyamata amene anavina pamchenga usiku wonse nthawi imeneyo ndi amene lero akubwerera ndi mkazi ndi kamwana.

Pa tebulo la tsiku lobadwa, mbale yomwe imayembekezeredwa ndi chambo. Chibwere chathunthu, chong'ambidwa ndi kuwotchedwa pamakala, pambali pali nsima yotentha kapena mpunga, kachumbari ndi tsabola wa kambuzi. Okonda mnofu wopanda minga yambiri amaitanitsa kampango. Mpunga suchokera kutali, poti ku Lifuwu, m'boma lomweli, alimi amaulima m'madambo a m'mphepete mwa nyanja, ndipo ikakhala nyengo ya mango Salima sasowa chotsukira mkamwa.

Koma chambo chimenechi chikusowa m'nyanja, ndipo mtengo wa pamenyu ukuchitira umboni. Asodzi achikulire a ku Senga Bay amakumbukira nthawi yomwe khoka limodzi linkadzaza bwato. Maukonde a maso ang'onoang'ono, ngakhale maneti otetezera udzudzu, akokolola nsomba zisanakule, ndipo malo oswanirana awonongeka. N'chifukwa chake boma limatseka usodzi wa makoka ena m'miyezi ya Novembala ndi Disembala, nthawi yomwe chambo chimaswana. Wobadwa m'miyezi imeneyi akapeza mnyamata akumutsatsa tichambo tating'onoting'ono pamsewu, adziwe kuti akamagula ndiye kuti akudyeratu chambo cha phwando la chaka chamawa. Palibe manyazi kufunsa woperekera zakudya kuti nsombayo yachokera kuti. Ina imakhala yowetedwa m'makhola a m'madzi kapena m'maiwe, ndipo imakoma ndithu.

Salima yemweyu ali ndi chitsanzo chomwe akatswiri a maiko ena amabwera kudzaphunzira. Chilumba cha Mbenji, m'dera la mfumu yaikulu Makanjira, chimatsekedwa chaka chilichonse kuyambira Disembala mpaka Epulo, ndipo lamuloli linakhazikitsidwa ndi ufumu womwewo m'zaka za m'ma 1950. Pachilumbapo saloleza mowa, chamba kapena juga, ndipo wophwanya malamulo amathamangitsidwa. Pomwe madoko ena akulira, utaka wa ku Mbenji ukadali wonenepa. Amene akudya nsomba ku Senga Bay ndi bwino adziwe kuti kumpoto pang'ono kwa tebulo lake kuli anthu omwe anaphunzira kudikira.

Tsopano bilu. Apa ndi pomwe nkhope zambiri zimasinthira. Malo ena amalipiritsa pageti kwa ongobwera kudzacheza masana. Ena salola chakumwa chochokera kunja, ndipo amene walowa ndi botolo lake kapena keke yake amauzidwa kuti alipire kaye. Pamwamba pa mtengo wa chakudya pamabwera msonkho wa VAT ndi wina wa zokopa alendo, ndipo si menyu iliyonse yomwe imanena ngati misonkhoyi yaphatikizidwa kale. Zonsezi zimatha ndi foni imodzi Lachitatu: polowa ndi zingati, keke yathu tibwere nayo, nanga mumalandira Airtel Money kapena Mpamba? Komabe amuna ambiri safunsa, poopa kuoneka ngati alibe. Chikhalidwe chatiphunzitsa kuti mwamuna salira, ndipo iye amapisa m'thumba mwakachetechete pomwe anzake asanu omwe anangoitanidwa pa WhatsApp akuitanitsa Green yachinayi. Mkazi amabwerera ku Lilongwe akusangalala, osadziwa kuti ndalama ya lendi yatsala pamchenga, ndipo Lolemba bambo akukagogoda kwa wakatapila. Walira mvula walira matope, koma matope amenewa bwenzi atachepa anthu awiriwa akanakhala pansi sabata imodzi ulendo usanachitike n'kuuzana kuti tili ndi zakutizakuti, tiitana anthu angati, ndipo aliyense wobwera asonkhe zingati.

Chisangalalo chotsika mtengo chilipo, ndipo sichochititsa manyazi. Pamsika wa Senga Bay ndi pa Kamuzu Road pali malesitilanti a amayi omwe amaphika nsima ya usipa wofutsa, utaka ndi nkhuku yachikuda pamtengo woti banja lonse likhuta. Pali anyamata a chipisi ndi kanyenya. Amene walawira angathe kugula nsomba padoko mabwato akamakocheza, n'kupempha kuti amuwotchere. Ndalama yotere imalowa m'thumba la munthu wa pamudzipo, monganso ya mipando ya nsungwi ndi ziboliboli zomwe amisiri amayala m'mbali mwa msewu wopita kunyanja. Pogula tisamanenerere mpaka kumufinya mmisiri, pomwe kuhotela talipira osatsutsa ngakhale tambala. Ndipo tikumbukire kuti gombe lomwe ife timaliona ngati malo ojambulirapo zithunzi ndi pakhomo pa anthu. Ambiri mwa iwo ndi Asilamu, ndipo amayi awo amachapa ndi kutsuka mbale pomwepo. Chovala chosambira chikhale cha pamchenga wa hotela. Polowa m'mudzi, chitenje sichilemera.

Nyanja nayo ili ndi malamulo ake. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumawomba mwera, ndipo madzi omwe m'mawa anali bata amatha kusanduka mafunde aakulu pofika masana. Anyamata a mabwato amatengera alendo ku chilumba cha Namalenje chomwe chimaonekera patsogolo pa gombe, ndipo ulendowu ndi wokoma, koma wokwera aumirire jekete yoyandamitsa asanaponde m'bwato. Chaka ndi chaka, makamaka pa Tsiku la Anakubala, 15 Okutobala, apolisi amachenjeza za kusambira utaledzera, ndipo chaka ndi chaka pamakhala banja lomwe limabwerera ndi maliro. Likodzo liliponso m'madzi osayenda a m'mabango. Mankhwala ake, praziquantel, amapezeka m'zipatala. Mu 2024 nyanja inakwera kwambiri mpaka kumiza mchenga ndi mipanda ya malo ambiri ogona, choncho chithunzi chakale cha pa intaneti chisakunamizeni za kukula kwa gombe.

Dzuwa likapendeka, keke itadulidwa, anzawo atapita kukasambira, ndi pomwe anthu awiri aja amatsala okha. Nkhani yomwe imabwera nthawi imeneyi imadziwika. "Chaka chamawa, bambo a mwana, tisadzabwerenso kuno. Tidzapite kunja." Mayina amatchulidwa: Zanzibar, Cape Town, Dubai, Victoria Falls. Mwamuna amavomera msanga, poti lero si tsiku lokana. Malonjezo ambiri otere amafera pa Kamuzu Road pobwerera. Ochepa omwe amakwaniritsidwa ndi aja omwe eni ake anayamba ndi pepala ndi cholembera.

Choyamba ndi pasipoti, ndipo Amalawi aphunzira mowawa kuti imeneyi sayitanitsa ulendo utayandikira. Kumayambiriro kwa 2024 nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko inaima kusindikiza mapasipoti kwa milungu ingapo, ndipo anthu omwe anali ndi matikiti m'manja anangoti kakasi. M'mwezi wa Malichi chaka chomwecho boma linatsitsa mtengo wa pasipoti wamba kuchoka pa K90,000 kufika pa K50,000, ndipo mizere inatalika. Amene ali nayo kale aone tsiku lothera, chifukwa maiko ambiri amafuna kuti ikhale ndi miyezi isanu ndi umodzi yotsala. Banja lomwe likufuna kunyamuka chaka chamawa liyambe za pasipoti mwezi uno.

Chachiwiri, chomwe ndi phiri lenileni, ndi ndalama zakunja. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi maperesenti 25 mu Meyi 2022, kenako ndi maperesenti 44 mu Novembala 2023. Amene anasunga ndalama za tikiti m'makwacha anadzuka m'mawa n'kupeza kuti zomwe anasunga sizikukwaniranso. Kubanki amafuna pasipoti ndi tikiti asanakugulitse madola, ndipo nthawi zambiri yankho limakhala loti mudikire. Kumsika wamseri, komwe ndi kophwanya lamulo, mtengo wa dola mu 2025 unaposa kawiri wa kubanki. Khadi la banki nalo limakhala ndi malire a ndalama zomwe ungagwiritse ntchito kunja, ndipo ndi bwino kukawafunsa usananyamuke kusiyana ndi kukadziwira pa kauntala ya hotela ku Cape Town. Nzeru yomwe ambiri atola ndi yolipiriratu zomwe zingalipiridwe kuno m'makwacha, monga tikiti ya Malawi Airlines kapena ya basi, kuti madola ochepa omwe apezeka akhale a chakudya ndi pogona.

Za visa, dziko lapansi silitiona mofanana. Kupita ku United Kingdom kapena ku maiko a Schengen kumafuna masitetimenti a kubanki, kalata ya kuntchito ndi ndalama yofunsira yomwe sibwezedwa ngakhale akukane. America inafika pena: kuyambira pa 20 Ogasiti 2025, Malawi ndi Zambia anakhala maiko oyamba omwe nzika zake zofuna visa yokacheza zinauzidwa kuti zizisiya chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000. Kwa mphunzitsi kapena namwino wa kuno, khomo limenelo ndi lotseka. Zimapweteka, ndipo sindiona chifukwa chobisira kuti zimapweteka. Koma maiko oyandikana nafe ndi otsegula. Mmalawi amalowa ku Zambia, Tanzania, Mozambique ndi Zimbabwe popanda visa, ndipo ku South Africa amapatsidwa masiku 30. Masiku amenewa ndi owerenga bwino, chifukwa wopitirira amalembedwa kuti ndi wosafunika ndipo amaletsedwa kulowanso kwa nthawi.

Ulendo wa ku Johannesburg pa basi, kudzera ku Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, umadya usana ndi usiku n'kupitirira, ndipo amene akuufuna ngati mphatso ya tsiku lobadwa ayambe wafunsa msana wa mnzakeyo. Pa ndege kuchokera pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi ndi maola awiri ndi pang'ono. Wa ku Livingstone ndi wofikirika kwambiri: kutulukira pa Mchinji, kudutsa Chipata, kugona ku Lusaka, m'mawa mwake n'kukwera basi ina yokafika ku mathithi a Mosi-oa-Tunya. Njira yonseyi Chinyanja chimakuyendetsa, ndipo nsima ndi yomweyi.

Zanzibar ndiye loto la ambiri, mwina chifukwa cha zithunzi za madzi obiriwira zomwe zimayenda pa Instagram. Njira yapansi ndi yodzera ku Karonga, kuwoloka pa Songwe, kukafika ku Mbeya, kenako basi kapena sitima ya TAZARA mpaka ku Dar es Salaam, komwe boti limatenga pafupifupi maola awiri kukafika pachilumbapo. Kuyambira pa 1 Okutobala 2024 alendo amalipira inshuwalansi yokakamiza munthu aliyense payekha, ndipo banja liiwerengere kawiri. Koma Mmalawi wopita ku Zanzibar asakathere pamchenga pokha. M'zaka za m'ma 1800, a Jumbe a ku Nkhotakota, kumpoto kwa Salima pagombe lomweli, ankawolotsa anthu athu panyanja ino m'zombo, n'kuwayendetsa pansi mpaka ku Kilwa, ndipo ambiri ankakagulitsidwa pamsika wa akapolo ku Zanzibar. Msikawo unatsekedwa mu 1873, ndipo pamalopo panamangidwa tchalitchi cha Anglican cha Christ Church chomwe chilipo mpaka lero ku Stone Town. Mwamuna ndi mkazi ochokera kunyanja ya Malawi akaima pamenepo, pasipoti ili m'thumba ndi tikiti yobwerera kwawo, ayenda mwaufulu njira yomwe makolo awo anayenda m'magoli. Ola limodzi pamalo amenewo ndi loyenera kuliika pa ndondomeko ya ulendo.

Zovuta zenizeni za ulendo wa anthu awiri sizikhala pachipata cha dziko. Zimakhala m'nyumba. Ndalama yosungira ulendo imapikisana ndi fizi ya mlamu, feteleza wa amayi kumudzi, ndi matenda omwe sagogoda. M'banja la Chimalawi ndalama si ya anthu awiri okha, ndipo amene akukonza ulendo ngati kuti achibale kulibe akudzinamiza. Mabanja omwe amakwanitsa amagwirizana poyera kuti mwezi uliwonse aika zingati pambali, ndani azisunga, ndipo ndi vuto lotani lomwe lingaloledwe kuthyola thumbalo. Ena amalowa chipereganyu n'kupempha kuti ulendo wawo wolandira udzagwe pafupi ndi nthawi yogula tikiti. Mkazi amene amapeza zambiri kuposa mwamuna wake asachite kubisa, ndipo mwamunayo asaone ngati wachepetsedwa. Kudzidzimutsana ndi keke n'kokoma. Kudzidzimutsana ndi tikiti ya ndege yogulidwa pangongole kwaswetsa maukwati.

Kwa omwe sanalowe m'banja pali mawu ena owonjezera, makamaka kwa atsikana. Chibwenzi chikakulonjeza Dubai, pasipoti yako isunge wekha, ukhale ndi ndalama yako yoti ingakubwezere kwanu, ndipo wachibale mmodzi adziwe komwe ukagone ndi tsiku lobwerera. Nkhani ya amayi a ku Malawi omwe anakazunzika ku Oman atalonjezedwa ntchito zabwino, yomwe BBC inaulutsa mu 2024, inaonetsa zomwe zimachitika munthu akakhala kudziko la eni pasipoti ili m'manja mwa wina. Mwamuna wa zolinga zabwino sakwiya ukamuuza kuti achemwali ako ali ndi nambala yake.

Pomaliza pali kalendala, yomwe ambiri amaiiwala chifukwa tsiku lobadwa silisuntha pomwe nyengo zimasuntha. Wobadwa mu Epulo kapena Meyi akapita ku Zanzibar akapeza mvula yamphamvu ya masika, koma akapita ku Livingstone akapeza Zambezi atadzaza, mathithi akufuka nthunzi yonyowetsa zovala. Wobadwa mu Juni kapena Julayi akapeza Cape Town yozizira ndi yamvula, ndipo ku Senga Bay akapeza mwera. Miyezi imeneyo Zanzibar ndiye imakhala youma ndi yozizirira bwino. Wobadwa mu Disembala apikisana ndi dziko lonse pa matikiti ndi zipinda, choncho agule msanga kapena asunthire chikondwerero chake ku Febuluwale. Wobadwa mu Okutobala akafika ku Mosi-oa-Tunya mbali ya Zambia akhoza kukaona thanthwe louma ndi timadzi tochepa, ndipo kuti aone madzi ambiri ayenera kuwolokera mbali ya Zimbabwe. Mwezi womwewo nyanja ya ku Salima imakhala bata, madzi ofunda ndi oyera, ndipo zipinda zimadzaza msanga sabata ya Anakubala, moti wofuna malo aimbe foni mu Ogasiti.